Negetivu Imene Amayi Sanaimalize

Amayi atamwalira, patangotha mwezi umodzi, ine ndi mlongo wanga tinayambana. Sitinayambanirane nyumba kapena munda ayi. Tinayambanirana nkhope yawo.

Kwathu kuno ku Lasem, katauni ka kugombe la nyanja, sadaka ya tsiku la makumi anayi siyenda popanda timabuku ta mapemphero ta Yasini. Aliyense wobwera kudzapemphera amalandira kake n'kupita nako kunyumba, ndipo ukangotsegula chikuto umakumana ndi chithunzi cha malemuyo. Timabuku timeneti timakhala m'makabati mwa anthu zaka ndi zaka. Nkhope imene mwaikamo ndi imene anthu amatsala nayo, yeniyeni ija ikayamba kuwathawa m'mutu.

Tsono ife, ana a Kasmuri wojambula zithunzi, munthu amene anajambula maukwati onse kuchokera kumsika mpaka kudoko kwa zaka makumi atatu, tinalibe chithunzi cha amayi athu. Sekani ngati mukufuna, enanso anaseka. Chinalipo chimodzi chokha, cha pa chiphaso cha boma, chojambulidwa atayamba kale kudwala, maso atalowa m'kati, nkhope ili ndwii ngati munthu amene amulanda malo pamzere.

Chifukwa chake aliyense ankati akuchidziwa. Amayi, dzina lawo Darmini, anabadwa ndi banga lakuda kumaso, loyambira pansi pa diso lakumanzere n'kutsika tsaya lonse mpaka m'khosi. Mu situdiyo bambo ankakhala kutsogolo, kuseka ndi makasitomala ndi kuwawongola makolala. Amayi ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa katani. Ndi mmene tinakulira, ndipo palibe mwa ife amene anafunsapo kuti kumeneko ankachitako chiyani kwenikweni.

Mlongo wanga wamkulu, Mas Gondo, amagulitsa zipangizo za njinga zamoto ku Surabaya, ndipo amakhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi sipeya yake. Anafika pa tsiku la makumi atatu ndi limodzi. Asanavule n'komwe jekete, anandiika foni m'manja n'kunditchula dzina.

"Yani, taona ichi. Nkhani ija yatha."

Pafonipo panali mayi wina wake wosalala ngati dzira losenda, akumwetulira, kumbuyo kwake kuli mitambo.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi amayi, iwe. Bambo wosindikiza uja watenga cha pa chiphaso chija n'kuchikonza pa kompyuta. Banga wachotsa, makwinya wachotsa."

"Amayinso wachotsa," ndinatero ine. "Mas Gondo, awa ndi amayi a pa pepala la sopo. Ine sindikuwadziwa."

"Ndiye ukufuna anthu mazana awiri apite ndi chiyani kwawo? Munthu anabisala kuseri kwa katani moyo wake wonse. Lero poti sangayankhule ndiye timuike pabwalo, aliyense aziloza? Ulemu wake umenewo?"

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ine ndinali ndi mlandu wanga umene Mas Gondo sankaudziwa. Ndili sitandade sikisi ndinapambana mpikisano wowerenga, ndipo ndinauza amayi kuti asavutike kubwera kudzandiona ndikulandira mphoto, bambo okha akwanira. Anandiyang'ana pang'ono, anati chabwino, n'kupitiriza kusita diresi langa. Papita zaka zoposa makumi anayi, koma simbi ija ndimaionabe.

Komabe mayi wa pa sopo uja ndinamukana. Ndinati andipatse masiku asanu. Wosindikiza ankafuna chithunzi pofika tsiku la makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, ndipo pamwamba pa wadirobu panali zitini khumi ndi chimodzi za mabisiketi zodzaza ndi manegetivu a bambo. Mwa anthu onsewo, ndinkati, amayi sangalephere kudutsamo ngakhale kamodzi.

"Masiku asanu," anatero Mas Gondo. "Ukapanda kupeza, usadzandiuzenso za sopo."

Sikana, makina okopera zithunzi mu kompyuta, ndinali nayo kale. Ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito ku Semarang nditangopuma pa uphunzitsi, ndikuti ndipulumutse ntchito ya bambo chinyezi chisanaimalize. Zaka zitatu inangokhala pakona, itafunditsidwa nsalu, pamwamba pake pali wailesi. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo zengerezuyo ndinali ine.

M'mawa mwake ndinatsitsa zitini zija n'kuzindandalika pa tebulo la pafupi ndi zenera. Chivindikiro choyamba chitangotseguka, fungo la viniga linandimenya m'mphuno. Manegetivu a bambo anali aakulu ngati chikhatho, iliyonse mu envulopu yakeyake, ndipo pa envulopu panali dzina la mwini wake ndi tsiku, zolembedwa ndi dzanja la amayi. Ena anali atamatirirana ngati nsomba zouma, moti ndinangowasiya. Ndinayamba ndawerenga maenvulopu onse kufuna lolembedwa Darmini. Panalibe.

Ndiye kunatsala kuwasaka m'mphepete mwa zithunzi za anthu ena, m'maukwati, m'magulu, kumbuyo kwa mapewa a eni ake. Negetivu ukaiyang'anira pazenera sungazindikire munthu. Mano ndi akuda, tsitsi ndi loyera, aliyense amaoneka ngati chiwanda. Pamafunika makina.

Makinawo anayamba andichititsa manyazi. Ndinaika negetivu pagalasi, n'kutseka, n'kudina, pa kompyuta n'kutuluka mdima wokhawokha. Katatu konse. Ndinaitukwana sikana ija, ndinatukwana ndi amene anandigulitsa yemwe, kenako ndinaona kuti m'kati mwa chivindikiro muli kabolodi koyera kofunika kuchotsa kuti nyale ya pamwamba iwale. Nditakachotsa, makina anabuula, nyale inayenda pang'onopang'ono, ndipo nditadina potembenuza, zoyera zinada, zakuda zinayera. Pamaso panga panaima mkwati ndi mkwatibwi a chaka chimene ine ndinabadwa, maluwa a m'tsitsi akuoneka limodzilimodzi.

Ndinaomba m'manja ndekha m'nyumba. Ndani angandiletse?

Tsiku limenelo ndi lotsatira lake ndinagwira ntchito ngati wolembedwa. Kugwira negetivu m'mphepete mokha, kuiuzira fumbi, kupukuta galasi, kutseka, kudikira. Imodzi inkatenga nthawi yoti munthu n'kumwa theka la kapu ya tiyi. Anthu a Lasem ankatuluka mmodzimmodzi: ana ovala yunifomu, asodzi atabwereka majekete, amayi olemba nsalu za batiki atabisa zala zawo zodetsedwa ndi utoto, mahaji atangobwera kumene ku ulendo wawo wopatulika. Onse okongola. Ndinkangoti bambo anga anali katswiri, munthu wosajambulapo nkhope yoipa. Koma amayi sanatulukemo, ngakhale chigongono chokha.

Tsiku lachitatu amayi oyandikana nafe anayamba kubwera kudzathandiza za sadaka, kupinda timakatoni toikamo chakudya ndi kukazinga anyezi. Pakati pawo panali Bu Mursinah, mayi wa zaka makumi asanu ndi atatu, amene moyo wake wonse ankakongoletsa akwatibwi. Iwowo sanabwere kudzapinda katoni ayi, anabwera kudzaona amene akupinda mokhota. Pa utsikana wawo anali chiphadzuwa cha tauni yonse, ndipo chithunzi chawo chinakhala pazenera la situdiyo yathu zaka makumi awiri. Anyamata ankachedwa kusukulu chifukwa cha chithunzi chimenecho. Mpaka lero satuluka m'nyumba osadzola ufa, ndipo ufa wake ndi wa mlingo wa makeke.

Mwangozi m'mawa umenewo ndinapeza envulopu yolembedwa Mursinah. Ndinati ndiwasangalatse. Koma nditatulutsa negetivu ija ndinaona kuti kumaso kokhako kuli zinthu zotuwa, ngati chuku. Ndinadandaula kuti chinyezi chayambira pa chiphadzuwa chathu. Ndinatenga thonje, ndinalinyowetsa ndi sipiriti, n'kupukuta bwinobwino mpaka pali mbee. Ndinadzitamanso mumtima kuti ndaipulumutsa.

Safunsa adadya phula. Makina atamaliza kubuula, pa kompyuta panatuluka mtsikana wa maso aja ndi khosi lija, koma nkhope yonse ili zibowo zokhazokha, zipsera za nthomba kuyambira pachipumi mpaka pachibwano. Ndisanaganize n'komwe zotseka, ndinamva fungo la ufa kumbuyo kwanga.

"Wandichita chiyani, mwana wa Kasmuri iwe?"

"Bu, pepani, panali chuku, ndiye ine..."

"Chuku? Bwera nalo thonjelo."

Ndinawapatsa. Linali lakuda bii, likunyezimira pang'ono. Analiyandikiza kumaso kwanga mpaka kundikhudza mphuno.

"Iwe unali mphunzitsi zaka zingati?"

"Makumi atatu ndi ziwiri."

"Zaka zonsezo, pensulo sukuidziwa? Ichi ndi chuku? Iyi ndi pensulo ya mayi ako, chitsiru iwe! Masiku awiri anakhalira nkhope imeneyi, kabowo kamodzikamodzi, iwe waichotsa ndi kathonje ngati ukupukuta mamina a mwana!"

Amayi a kukhitchini anali atasonkhana pakhomo. Bu Mursinah anawatembenukira.

"Mukuonerera chiyani? Anyezi akupserera uko!"

Atabalalika, anakoka mpando n'kukhala pansi. Anayang'ana mtsikana wa pa kompyuta uja nthawi yaitali, kenako anaseka kamodzi, kuseka kwa m'mphuno.

"Koma khosi lokha linali langa," anatero.

Ndiye anandiuza, ndipo ine mphunzitsi ndinamvetsera ngati mwana wa sitandade wani. Kuseri kwa katani kuja kunali kadesiki kopendekeka kokhala ndi bowo pakati, pansi pake pali kalilole wotenga kuwala kwa pazenera. Amayi ankaika negetivu pabowopo, n'kupakapo timafuta ta utomoni kuti pensulo igwire, n'kuyamba kudontheza. Chilichonse chakuda pankhope, chiphuphu, chipsera, khwinya, pa negetivu chimaoneka ngati kabowo koyera, ndipo iwo ankakadzaza mpaka kafanane ndi khungu lozungulira. Mapensulo awo ankawasongola pa sanipepa mpaka nsonga italike ngati singano.

Kadesikiko ndinkakadziwa. Mapensulowo ndinkawadziwa, ndinakwapulidwapo chifukwa chothyola imodzi. Koma ine ndinkayesa kuti amayi amangolemba maina pa maenvulopu.

"Bambo ako anali munthu wabwino," anatero Bu Mursinah, "koma ntchito yawo inali kunena kuti mwetulirani, n'kudina. Nkhope inkapangidwa kuseri. Ukuganiza kuti akwatibwi anga ndinkawalowetsera khomo liti? Lakutsogolo linali la amuna. Ife tinkazungulira kuseri titanyamula makeke, kukagwada kwa Darmini. Wina ati diso langa ili n'laling'ono, wina ati apongozi asaone chipsera ichi. Iye ankangokuyang'ana kamodzi, n'kunena kuti bwera Lachisanu."

"Ife tinkati amabisala."

"Kubisala! Munthu wobisala amakhala ndi mzere wa anthu pakhomo? Ankakhala kuseri chifukwa zenera labwino linali kuseri."

Anatola negetivu ina m'chitini, ya mkulu wina wa positi ofesi, n'kuipendeka pang'ono choyang'anitsa kuzenera. Pamasaya ndi pansi pa maso panang'anima kutuwa kuja. Anatola ina, chimodzimodzi. Inanso. Zonse zimene ndinakhala ndikuziona masiku awiri aja n'kumatamanda bambo, zonse zinali ndi dzanja la amayi. Ndinabwerera pa kompyuta, ndinatsegula nkhope ya mkulu wa positi uja n'kuikulitsa mpaka tsaya lokha linadzaza galasi lonse. Pamenepo ndinaona timizere ta pensulo, ting'onoting'ono kuposa tsitsi la khanda, mazanamazana, tosakhudzana, tokhota motsatira mnofu wa nkhope. Diso la munthu silikanationa. Anafunika makina a masiku ano kuti aulule zimene mayi wa sitandade folo ankachita ndi pensulo.

Ndinali ndikusaka amayi m'mphepete mwa zithunzi, chonsecho anali pakati penipeni pa chilichonse. Ndinamva kunyada, ndipo manyazi anabwera nako limodzi.

"Koma chawo chenicheni palibe, Bu. Ndawerenga maenvulopu onse."

"Chilipo. Ndinamumanga tsitsi ndine tsiku limenelo, iwe usanabadwe. Bambo ako anamunyengerera mwezi wathunthu."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Unandifunsa? Inu ana ophunzira mumafunsa foni."

M'zitini munalibe. Ndinakhala n'kuganiza: mayi amene analemba dzina pa envulopu ya munthu aliyense, yake akanaiika pati? Ndinapita ku sitoro ya kuseri, ndinasuntha matumba ndi njinga yakufa ya bambo, ndipo kadesiki kaja kanali pomwepo, kalilole wake atachita dzimbiri. M'kadilowa munali mapensulo asanu ndi awiri atakulungidwa m'kansalu, nsonga zake zikadali zosongoka. Pansi pa kansaluko panali envulopu yopanda dzina.

Ndinatulutsamo negetivu, ndinaiika pagalasi mokhota, n'kuyambiranso. Sikana ija sinachedwepo ngati mmene inachedwera ulendo umenewo. Bu Mursinah anali ataima kumbuyo kwanga, akupumira m'khutu mwanga.

Amayi anatuluka kuyambira kumutu. Tsitsi lomangidwa bwino, ndipo m'tsitsimo, pamalo pa duwa, atasomekamo pensulo. Kenako chipumi, kenako maso. Anali ndi zaka mwina makumi awiri ndi zisanu. Munthu wa banga akamajambulitsa amapereka tsaya labwino, aliyense amadziwa zimenezo. Amayi anapereka tsaya lakumanzere. Banga lonse linali poyera, chibwano chili m'mwamba, ndipo pakamwa panali pamene pankakhala akafuna kukuseka koma akudikira kuti uyambe wamaliza kunama.

"Ndi yemweyu," anatero Bu Mursinah chapansipansi. "Darmini."

Ine ndinalira, sindibisa. Koma ndikupukuta misozi ndinaona kuti china chake sichili bwino. Nkhope imeneyo ndinaisambitsa m'mawa uliwonse zaka zinayi zimene amayi anadwala, ndipo banga lija ndimalidziwa kuposa chikhatho changa. Kumtunda kwake linali ndi kansonga kokafika pakona ya diso. Pachithunzipo kansongako panalibe. Ndinachotsa negetivu ija n'kuipendeka kuzenera monga Bu Mursinah anandionetsera. Yonse inali yoyera, yosakhudzidwa, kupatula malo amodzi pansi pa diso, aakulu ngati kambewu ka mpunga. Pamenepo pokha panang'anima pensulo.

Amayi anayamba kulichotsa bangalo. Anachotsa kansonga kokha, mwaluso moti wosadziwa sangaone. Kenako anaika pensulo pansi.

Mas Gondo anabwera masana kuchokera kokagula mbuzi ya sadaka. Ndinamukhazika pa kompyuta ndisananene kanthu. Anayang'ana, anavula magalasi, anawavalanso. Ndinamuonetsa timizere ta pa nkhope ya mkulu wa positi, ndinamuuza za khomo la kuseri, kenako ndinamuonetsa kansonga kaja. Ndinkayesa kuti nkhani yatha. Ndinaiwala kuti ndikuyankhula ndi munthu wa masipeya.

"Waona tsono," anatero. "Eni ake anafuna kulichotsa. Anayamba okha. Ife tingomaliza zimene anayamba. Chithunzi chomwechi, wosindikiza achotse bangalo, aliyense akondwe."

"Mas, anasiya."

"Mwina anaitanidwa. Mwina ine ndinkalira, mwina mpunga unkapserera. Ukudziwa bwanji?"

"Zaka zoposa makumi asanu mpunga ukupserera? Desiki inali yawo, pensulo inali yawo, negetivu inali m'dilowa momwemo tsiku ndi tsiku. Banga limeneli kwa iwo inali ntchito ya masana amodzi."

"Iwe umangofuna kuti zako zipambane. Unayamba kalekale."

"Inu mukufuna mayi woti musachite naye manyazi pamaso pa anzanu a ku Surabaya!"

Ndinalankhula mokweza, kukhitchini mipeni inasiya kulira. Ndipo ndinadziwa ndikulankhula kuti mawuwo akundinena ine ndemwe. Mas Gondo anaimirira, nkhope itafiira.

Bu Mursinah analowa atanyamula kapu ya khofi imene palibe anawapempha, n'kuiika patsogolo pake.

"Gondo, khala pansi, ndinakuona ukuyenda wopanda kabudula. Tandiuza, mayi ako anasiyapo ntchito pakati? Anakusokerapo malaya a mkono umodzi?"

"Ayi, Bu."

"Tsiku limene unkabadwa iwe, anayamba wamaliza chibwano cha mkazi wa sing'anga wa mano, ndiye n'kutuma munthu kukaitana azamba. Ndinalipo. Munthu ameneyo akasiya chinthu, ndiye kuti wachiyang'ana n'kuona kuti chatha. Ife tonse tinkapita kwa iye kukapempha nkhope zina. Ine ndemwe, taona apo, mlongo wako wandivula. M'tauni yonse ino munthu mmodzi yekha ndi amene anali ndi pensulo m'manja, ndipo ndi yekhayo amene anati yangayi ikhale."

Mas Gondo anatenga kapu ija. Anamwa khofi uja mpaka kumaliza, akuyang'ana pa kompyuta. Kenako anatulutsa fulashi m'thumba n'kuiponya patebulo.

"Ika momwemo. Ndikaona ndili komweko."

"Mukaona chiyani?"

"Ndati ndikaona. Wamkulu ndani pano?"

Anakwera njinga yamoto n'kupita, m'thumba muli amayi, m'foni muli mayi wa pa sopo uja. Atabwerako sananene kanthu, ndipo ine kunyada sikunandilole kufunsa. Masiku otsalawo tinkalankhulana za mahema, mikeka ndi mbuzi basi. Ine ndinabwerera ku zitini zanga. Tsopano ndinkayamba ndapendeka negetivu iliyonse kuzenera ndisanaiike pagalasi, ndipo botolo la sipiriti lija ndinalibweza kukhitchini.

Makatoni a timabuku anafika m'mawa wa tsiku la makumi anayi lenilenilo, pabwalo pali kale utsi ndi phokoso la mapoto. Mas Gondo anawatsitsira pakhonde, anandipatsa mpeni, n'kuyamba kulimbana ndi chingwe cha hema chimene chinalibe vuto lililonse. Ndinadula tepi. Zikuto zinali zobiriwira, zilembo zagolide. Ndinatenga kamodzi, ndinatchula dzina la Mulungu, n'kutsegula.

Pensulo m'tsitsi. Chibwano m'mwamba. Banga lonse, kuyambira pansi pa diso mpaka m'khosi. Kunalibe mitambo kumbuyo, inali nsalu yakale ija ya mu situdiyo ya bambo. Ndipo pansi pa dzina lawo ndi masiku awo panali mzere umene ine sindinaupemphe: Wokonza nkhope wa Foto Kasmuri.

"Mas Gondo."

"Usayambe," anatero osatembenuka. "Wosindikiza uja nditangomupatsa, ndisanakhale n'komwe pansi, anali atalifufuta kale. Akuti ndi mmene amachitira ndi aliyense, mwaulere. Ndiye ndinayang'ana, ndinaona kuti ndi mayi wabwino ndithu, koma wa munthu wina. Ndinamuuza kuti abwezere."

"Anabwezera osavuta?"

"Anandifunsa katatu ngati ndili bwinobwino. Kachitatuko ndinamuuza kuti amayi anga ankachita ndi pensulo zimene iyeyo akulephera ndi makina a mamiliyoni, ndiye asandiphunzitse za nkhope." Anakoka chingwe chija mwamphamvu. "Ndili mwana ndinasocherapo mumsika. Ndinkangoyang'ana m'mwamba kufuna banga limenelo. Basi, tapita ukasinthe, anthu ayamba kubwera."

Anthu amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwo ndi wabwino, koma ndi wouza munthu kuti apirire. Ine tsiku limenelo ndinalibe choti ndipirire. Kugawa timabuku ndi ntchito imene amapatsa achibale aang'ono, koma ndinailanda. Ndinavala kebaya yanga yabwino, bulauzi yathu ya pamwambo, n'kukaima pachipata penipeni, katoni ili pambali.

Anabwera ambiri kuposa amene tinawaitana, chifukwa Bu Mursinah pakamwa pawo sipatsekeka. Kunabwera timagogo toyenda ndi ndodo timene sindinationepo, tina tochokera kudoko, tina kumapiri. Aliyense ankatsegula kabuku pomwepo, n'kuima, mzere n'kudikira. Wina anandinong'oneza kuti diso lake lakumanja anamukonzera ndi amayi, ndipo mwamuna wake anamwalira asakudziwa. Bu Mursinah anafika pomalizira, ufa uli mbuu. Anatenga kawo, anakatalikitsa ndi maso, anasisita banga lija ndi chala chachikulu.

"Uyu yekha ndiye watuluka bwino," anatero. "Koma changa chija, ukachionetsa munthu, ndidzakudzera kutulo."

Kumbuyo kwawo kunali mayi wina wachilendo, mkazi wa mnzake wa Mas Gondo wa ku Surabaya, wovala magalasi akuda ndi zibangili. Anatsegula kabuku, anayang'ana, ndipo ndinaona maso ake akuima pamene maso a anthu ankaima nthawi zonse. Kenako anayang'ana ine.

Ndinakumbuka simbi ija ikuyenda pa diresi langa. Ndinawongoka, ndinakweza chibwano, ndipo ndinalankhula moti ndi a m'hema omwe anamva.

"Awa ndi amayi anga," ndinatero. "Lowani, akulandirani."